Za Alonda a Ndege ndi Mawu Awiri a ku Überlingen

Nonse mwaziona ndege zija zopita kutalitali pamwamba pa midzi yathu, zosiya m'mbuyo mzera woyera ngati ufa wotayika m'njira. Ana akaziona amafunsa funso limene akulu ambiri asowa poliyankhira: kodi kumwambako, kumene kulibe msewu, kulibe mphambano, kulibe ndi chikwangwani chomwe, ndege zimapewana bwanji? Ena ayesa kuti mlengalenga ndi motakasuka kwambiri kotero kuti ndege ziwiri sizingakumane. Enanso ayesa kuti woyendetsa amangosuzumira pa zenera napatuka, monga achitira wa njinga akaona ngolo. Koma si momwemo ayi. Ndege yaikulu ithamanga makilomita oposa 800 pa ora limodzi, ndipo ziwiri zikalunjikana maso ndi maso, kilomita yathunthu pakati pawo itha m'masekondi awiri ndi pang'ono. Pamenepo diso la munthu lichedwa, makamaka usiku kapena m'mitambo.

Chimene chisunga ndege ndi anthu ake ndicho mawu: mawu ochepa, osankhidwa bwino, onenedwa pa wailesi ndi kubwerezedwa. Mwezi uno tifuna kukufotokozerani za mawu amenewa, kumene anachokera, ndi zimene zinachitika usiku wina m'chaka cha 2002, pamene oyendetsa ndege anamva mawu awiri otsutsana, nasowa kuti amvere ati.

MALAMULO OBADWA M'MALIRO

Ndege zitangoyamba kunyamula anthu, oyendetsa ankapeza njira poyang'ana pansi: ankatsata mitsinje, misewu ndi njanji za sitima. Pa 7 Epulo 1922 ndege ina inanyamuka ku Croydon, pafupi ndi London, kupita ku Paris, ndipo inanso inanyamuka ku Paris kupita ku Croydon. Kunali nkhungu ndi mvula yowaza, tsono zonse ziwiri zinauluka m'munsi, zikutsata njira imodzi yomweyo kumpoto kwa dziko la France. Zinagundana, ndipo anthu onse 7 amene anali m'menemo anafa. Pambuyo pake eni ndege anakhala pansi napangana kuti wotsata msewu kapena njanji azikhala ku dzanja lamanja, ndi kuti ndege zizikhala ndi wailesi.

Ndege zitachuluka, anthu anaona kuti dziko lililonse likakhala ndi malamulo akeake zinthu sizingayende, pakuti ndege inyamuka m'dziko lina m'mawa nitera m'dziko lina madzulo. Chifukwa chake mu Disembala 1944 maiko 52 anasaina pangano mumzinda wa Chicago, ndipo m'panganomo munabadwa bungwe la ICAO, limene likulu lake lili ku Montreal, m'dziko la Canada. Bungwe limeneli ndilo lilemba malamulo a mlengalenga amene maiko atsata kufikira lero, ndi dziko lathu lomwe.

Komabe malamulo apabuku sakwanira popanda munthu woyang'anira. Pa 30 Juni 1956 ndege ziwiri zimene zinanyamuka motsatana ku Los Angeles zinagundana pamwamba pa chigwa chachikulu cha Grand Canyon, nafa anthu 128. Zinali m'dera lopanda munthu wozilongosola, ndipo oyendetsa anayenera kudzionera okha pakati pa mitambo. Zitatero, boma la America linakhazikitsa bungwe latsopano loyang'anira za ndege mu 1958, niligula makina ambiri a radar, amene aona ndege ili kutali, usiku ndi m'mitambo momwe. Mudzaona m'nkhani ino kuti malamulo ambiri a mlengalenga analembedwa maliro atachitika.

NTCHITO YA MLONDA

Anthu amene alongosola ndege tidzawatcha alonda. Ena akhala m'nsanja ya pa bwalo la ndege, yonga imene mwaiona ngati munafikapo ku Chileka kapena ku Lumbadzi. Iwowa ndiwo apereka chilolezo chonyamuka ndi chotera. Koma alipo enanso amene saona ndege ndi maso konse. Iwo akhala m'chipinda nayang'ana pa galasi la radar, pamene ndege iliyonse ioneka ngati kadontho kokhala ndi dzina lake ndi msinkhu wake, ndiko kuti kutalika kwa m'mwamba mmene ikuulukamo. Anagawa mlengalenga monse m'zigawo, monga tigawira minda ndi malire. Ndege ikafika pa malire, mlonda aipereka kwa mnzake wa kutsogolo, ndipo woyendetsa asintha wailesi yake nalonjera mlonda watsopanoyo.

Udindo waukulu wa mlonda ndiwo kusunga mpata pakati pa ndege. Msinkhu amauwerenga m'mapazi. Ndege zazikulu zikonda kuuluka pakati pa mapazi 30,000 ndi 40,000. Ndipo kuti mumvetse, mapazi 36,000 ndi pafupifupi makilomita 11, kotero kuti ngakhale mutasanjikiza mapiri atatu onga la Mulanje simungafikeko. Lamulo litero, kuti ndege ziwiri zoyandikana zisiyane mapazi 1,000, ndiwo mamita 300, ina pamwamba ina pansi. Ndipo zikakhala pa msinkhu umodzi, zitalikirane makilomita 9 kumene kuli radar. M'madera ambiri ndege zoloza chakum'mawa zipatsidwa misinkhu yonga 33,000, 35,000 ndi 37,000, pamene zoloza chakumadzulo zipatsidwa 34,000, 36,000 ndi 38,000, kuti zoyenda molunjikana zisakumane.

Koma taonani, ndege ziwiri zingathe kukhala pa msinkhu umodzi mwalamulo, ina ikupita kumadzulo, ina ikuchokera kumwera, njira zawo n'kudutsana ngati mphambano. Apa mpamene pafunika diso la mlonda, kuti aone kukadali mphindi zingapo, nauze imodzi kuti ikwere, itsike kapena ikhote.

MAWU OBWEREZEDWA

Mayi wanzeru akatuma mwana ku sitolo samlola kuthamanga asanabwereze zimene wamtuma: mchere, sopo, machesi. Chomwechonso kumwamba. Mlonda ayamba ndi kutchula dzina la ndege, kenaka anena lamulo, monga kuti itsike kufika mapazi 35,000. Woyendetsa abwereza lamulo lonselo, natchulanso dzina la ndege yake; ndipo mlonda amvetsera, kuti akamva nambala yolakwika akonze pomwepo. Kungoyankha kuti ndamva sikuloledwa pa nkhani ya msinkhu ndi njira. Ndege zonse za m'chigawo chimodzi zilankhula pa wailesi imodzi, ndipo anthu awiri akalankhula nthawi imodzi mawu aphimbana, kumveka phokoso lokha. N'chifukwa chake salonjerana motalika ngati pa bwalo la mfumu. Munthu anena zofunika zokha natonthola, kuti apatse mnzake mpata.

Popeza pa wailesi zilembo zina zimveka mofanana, chilembo chilichonse anachipatsa dzina: A ndi Alfa, B ndi Bravo, C ndi Charlie, mpaka Z amene ndi Zulu. Mayina amenewa akhala akugwira ntchito kuyambira 1956. Manambala enanso awatchula mwanjira yakeyake, kuti 9 asamveke ngati 5. Woyendetsa akakhala pa ngozi yoopsa anena katatu mawu akuti Mayday, ochokera ku Chifalansa, otanthauza kuti ndithandizeni, ndipo ena onse atonthola. Chilankhulo chimene maiko anagwirizana kuti chizipezeka paliponse pa maulendo a pakati pa maiko ndicho Chingerezi.

Kuti muone kulemera kwa mawu amenewa, imvani za ku India. Pa 12 Novembala 1996, pafupi ndi mudzi wa Charkhi Dadri, kumadzulo kwa Delhi, ndege yaikulu ya ku Saudi Arabia inali kukwera, itauzidwa kuti iime pa mapazi 14,000. Ndipo ndege ya ku Kazakhstan inali kutsika, itauzidwa kuti iime pa 15,000. M'ndege yachiwiriyi wolankhula pa wailesi anali wina, ogwira chiwongolero anali ena, ndipo Chingerezi chawo chinali chochepa. Ndegeyo inapitirira kutsika, niloŵa pa msinkhu wa inzake, ndipo anthu 349 anafa. Kufikira lero palibe kugundana kwa m'mwamba kumene kunapha anthu ambiri koposa apa. Kuyambira 2008 malamulo a ICAO afuna kuti oyendetsa ndi alonda a maulendo a pakati pa maiko aziyesedwa mayeso a Chingerezi.

MLONDA WACHIWIRI, WA M'NDEGE MOMWEMO

Munthu atopa, aiwala, asokonezeka. Podziwa zimenezi, akatswiri anapanga makina otchedwa TCAS, amene aikidwa m'ndege momwemo, kuti akhale mlonda wotsiriza pamene zina zonse zalephera. Makinawa afunsa ndege zoyandikana sekondi ndi sekondi, ndipo ndegezo ziyankha zokha, kunena msinkhu wawo. Potero makina awerengera kuti kwatsala masekondi angati kuti ndege zikumane. Kukatsala masekondi ngati 45 achenjeza oyendetsa ndi mawu akuti Traffic, kutanthauza kuti pali ndege ina pafupi. Kukatsala ngati 30 alamula: Climb, ndiko kuti kwerani, kapena Descend, ndiko kuti tsikani.

Pali zinthu ziwiri zimene muyenera kuzisunga mumtima. Choyamba, makina a ndege ziwirizo apangana okha asanalankhule, kotero kuti akauza imodzi kuti ikwere, inzake iuzidwa kuti itsike. Chachiwiri, mlonda wa pansi samva zimene makinawo anena m'chipinda cha oyendetsa. Kawirikawiri adziwa pokhapokha woyendetsa atamuuza pa wailesi.

USIKU WA PA 1 JULAYI 2002

Überlingen ndi mzinda waung'ono kumwera kwa dziko la Germany, m'mbali mwa nyanja ya Constance, pafupi ndi malire a Switzerland. Ndege zodutsa pamwamba pake ankazilongosola alonda a kampani ya Skyguide, okhala ku Zürich, m'dziko la Switzerland.

Usiku umenewo ndege ziwiri zinali kuyandikira dera limeneli, zonse pa mapazi 36,000. Ina inali Tupolev 154 ya ku Russia, yochokera ku Moscow kupita ku Barcelona, ndipo inanyamula anthu 69. Oposa 40 mwa iwo anali ana a sukulu a mumzinda wa Ufa, opita kukapuma ku gombe la ku Spain. Inzake inali Boeing 757 ya katundu ya kampani ya DHL, yochokera ku Bergamo, m'dziko la Italy, kupita ku Brussels, ndipo munali oyendetsa awiri okha.

Ku Zürich kunayenera kukhala alonda awiri, koma mmodzi anali atapita kukapuma, monga kunali chizolowezi chimene akuluakulu a kampaniyo ankachilekerera usiku. Wotsalayo anali kuyang'anira magalasi awiri, akusuntha uku ndi uku. Usiku womwewo amisiri anali kukonza makina, kotero kuti chenjezo limene lioneka pa galasi ndege zikayandikana linali lozima, ndipo lamya yaikulu inali yodulidwa. Ndiponso kunatulukira ndege ina yochedwa yofuna kutera ku Friedrichshafen, ndipo mlondayo anataya nthawi kuyesa kuimbira lamya a kumeneko, osatheka. Alonda a ku Karlsruhe, m'Germany, anaona pa radar yawo kuti ndege ziwiri zikulunjikana, nayesa kuimbira ku Zürich, koma lamya sinalowe.

Mlonda uja anazindikira ngoziyo kutatsala masekondi 43, nalamula ndege ya ku Russia kuti itsike msanga kufika mapazi 35,000. Oyendetsa anayamba kutsika. Patangopita masekondi 7, makina a TCAS analankhula m'ndege zonse ziwiri: ya katundu anaiuza kuti itsike, ya ku Russia anaiuza kuti ikwere. Oyendetsa a ndege ya katundu anamvera makina, monga anaphunzitsidwira. Koma m'ndege ya ku Russia munamveka mawu awiri, la munthu lakuti tsikani, la makina lakuti kwerani. Mmodzi wa m'chipindamo anakumbutsa anzake kuti makina akuti tikwere. Koma mlonda, posadziwa kanthu za makinawo, anabwereza lamulo lake, ndipo iwo anamvera mlonda. Mlondayo anawauzanso kuti ndege inayo ili ku dzanja lamanja, chonsecho inali kumanzere. Oyendetsa a ndege ya katundu ananena pa wailesi kuti akutsika molamulidwa ndi makina, koma mlonda sanawamve.

Motero ndege zonse ziwiri zinatsikira pamodzi. Nthawi ili 11:35 usiku zinagundana, mchira wa ndege ya katundu nudula pakati ndege ya ana ija. Anthu onse 71 anafa. Zidutswa zinagwera m'minda ndi m'nkhalango pafupi ndi Überlingen, koma mwa anthu a pansi panalibe wovulala.

MAPANGA AWIRI AVUMBWITSA

Tsono lingalirani bwino, abale, pakuti apa mpamene pagona nkhani. Mawu a mlonda, ngakhale anachedwa, sanali oipa pa okha: ndege ya ku Russia ikadatsika, inzake n'kukhalabe pa msinkhu wake, zikadapitirirana. Mawu a makina nawonso sanali oipa: ndege zonse ziwiri zikadawamvera, ina ikadakwera, ina ikadatsika. Chimene chinapha anthu ndicho chakuti ndege imodzi inamvera mlonda, inzake inamvera makina. Akale anati mapanga awiri avumbwitsa. Oyendetsa a ku Russia sanali anthu osadziwa ntchito kapena osamvera. Mabuku awo sananene momveka kuti mawu akatsutsana, omaliza ndi a yani, ndipo iwo anazolowera kuona makinawo ngati othandizira chabe.

Chomvetsa chisoni n'chakuti chenjezo linali litabwera kale. Pa 31 Januwale 2001, pamwamba pa gombe la Suruga ku Japan, mlonda anasokoneza manambala a ndege ziwiri za kampani ya Japan Airlines, nauza yolakwika kuti itsike, pamene makina ake anali kuiuza kuti ikwere. Woyendetsa anamvera mlonda. Ndegezo, zonyamula anthu 677 zonse pamodzi, zinaphonyana pang'onong'ono, ndipo anthu pafupifupi 100 anavulala ndi kugwedezeka kwa ndege pozemba. Koma lamulo la maiko onse linali lisanakonzedwe pamene ngozi ya ku Überlingen inachitika.

Mu Novembala 2003 bungwe la ICAO linalemba lamulo momveka, ndipo likugwira ntchito mpaka lero. Makina a TCAS akalamula kukwera kapena kutsika, woyendetsa awamvere msanga, ngakhale mlonda atanena zosiyana, ndipo asayende konse motsutsana nawo. Akapeza mpata, auze mlonda kuti akutsata makina. Mlonda akamva zimenezi aleke kulamula ndegeyo kufikira woyendetsa atanena kuti ngozi yapita. Si kuti makina aposa munthu nzeru ayi. Chifukwa chake n'chakuti m'masekondi otsirizawo makina aona zimene zikuchitika nthawi yomweyo, ndipo apangana kale ndi ndege inayo, pamene chithunzi cha pa galasi la mlonda chitsalira m'mbuyo masekondi angapo. Makinawo nawonso anawakonza, kuti akaona ndege ina ikuchita zosiyana ndi zimene yauzidwa, atembenuze lamulo la inzake.

Ofufuza a boma la Germany anatulutsa lipoti lawo mu Meyi 2004, nasonyeza kuti cholakwa sichinali cha munthu mmodzi: chinali m'kusiya mlonda yekha, m'kukonza makina osamuuza bwino zimene zazimitsidwa, ndi m'malamulo osamveka. Koma mlondayo sanakhale ndi moyo kuti amve zimenezi. Mu Febuluwale 2004 bambo wina wa ku Russia, amene anataya mkazi ndi ana awiri pa ngoziyo, anapita kunyumba kwa mlondayo pafupi ndi Zürich namupha ndi mpeni. Motero ana enanso anasanduka amasiye, ndipo panalibe wakufa amene anabwerera. M'chaka cha 2007 bwalo la milandu la ku Switzerland linapeza akuluakulu anayi a kampani ya Skyguide olakwa pa mlandu wa kunyalanyaza kodzetsa imfa.

Pafupi ndi Überlingen, pamene panagwera mbali ina ya ndege ya ana, anthu anaika chikumbutso: mipira ikuluikulu yachitsulo yomwazika pa udzu, yofanizira mkanda woduka chingwe. Achibale a ku Ufa amafikako kudzakumbukira ana awo.

Lero ndege zambirimbiri ziuluka tsiku ndi tsiku pa dziko lonse lapansi, ndipo kugundana kwa ndege zazikulu m'mwamba ndi chinthu chosowa ndithu. Ana anu akafunsanso za ndege yopita pamwamba pa mudzi, muwauze kuti m'menemo muli anthu awiri ovala zomvera m'makutu, ndipo kwina kutali kuli wachitatu amene sanawaonepo nkhope. Kuti iye akanena, iwo abwereza mawu ake onse, iye namvetsera ngati abwereza bwino. Ndi kuti onse atatu anapangana kale, ngozi isanafike, za mawu amene adzamveredwa tsiku limene mawu adzakhala awiri. Pangano lotere silipangika m'masekondi 30 otsiriza. Liyenera kupangidwa mitima ili m'malo, ndi kuphunzitsidwa kwa onse mofanana.